Mwana wanu akufuna usilikali wapamadzi ku Den Helder: ndikuyankheni ngati wazitsulo

Achemwali ena a ku Zwolle andilembera imelo. Mnyamata wawo, wobadwira konkuno ku Netherlands, akumaliza sukulu ndipo waumirira kuti alowe usilikali wapamadzi. Iwo amva kuti sitima zake n'zokalamba, anthu akusiyako ntchito, ndipo nkhondo ya ku Ukraine ikuwasowetsa tulo. Akufunsa ngati amuletse.

Achemwali, mwandikhudza pachilonda. Ine ntchito yanga n'kuwotcherera zitsulo. Ndinaphunzirira m'magalaja a ku Biwi ku Lilongwe, ndipo nditabwera kuno ndinalembedwa pa kampani ina yokonza sitima kufupi ndi Rotterdam. Kumeneko kunali madala amene ankati akagunditsa sikuludiraiva pa injini, chogwirira chake n'kuika kukhutu, amakuuza kuti beringi yakuti yatha. Mmodzi mwa iwo ndiye anandiphunzitsa kuwotcherera chagada, chitsulo chili pamwamba pa mutu, moto ukugwera m'khosi. Ndikamaliza sankayankhula, ankangoyendetsa chala chachikulu pamsoko wonse, akapeza pokayikitsa n'kulemba ndi choko kuti ndigayenso. Chaka china ntchito inachepa. Mabwana a mu ofesi anawerengera n'kuona kuti madalawo ndi odula. Anawapumitsa onse, makina aakulu osulira zitsulo n'kugulitsa. Ife otchipa tinatsala. Ntchito itabweranso tinali ndi doko, magetsi, maovolosi atsopano, koma womva injini ndi khutu kunalibe. Mpaka lero mtima umandiwawa ndikakumbukira nkhope ya mdala uja akutulutsa zida zake m'kabati.

Boma la dziko lino linachita zomwezo ndi asilikali ake apamadzi, Koninklijke Marine. Nkhondo ya mawu ndi Soviet Union itatha, anayamba kugulitsa. Pa sitima zankhondo 8 za mtundu wa M-frigate zomwe anapanga, 6 zinapita: ziwiri ku Chile, ziwiri ku Belgium, ziwiri ku Portugal. Ndege za Orion zosakira adani panyanja anazigulitsa ku Germany ndi ku Portugal, bwalo lake la Valkenburg n'kutseka mu 2006. Mu 2011 sitima zochotsa mabomba otchera m'nyanja anazichepetsa kuchoka pa 10 kufika pa 6. Mu 2013 anafika pofuna kugulitsa Karel Doorman, sitima yaikulu kuposa zonse, yotalika mamita oposa 200, isanayambe n'komwe ntchito. Anasintha maganizo, ndipo chaka chotsatira sitima yomweyo ndiyo inanyamula maambulansi ndi katundu wa chipatala kupita ku Sierra Leone, Guinea ndi Liberia nthawi ya Ebola.

Ndiye zomwe mwamvazo si bodza. Pa ma M-frigate awiri otsalawo, Van Speijk anaimangirira padoko mu 2021 chifukwa chosowa anthu oiyendetsa. Sitima za pansi pa madzi zinali zinayi, Walrus, Zeeleeuw, Dolfijn ndi Bruinvis, zoyamba ntchito pakati pa 1990 ndi 1994. Mu 2023 Walrus anaipumitsa kuti azichotsamo zipangizo zokonzera zinzake, ngati minibasi ya pamiyala kuseri kwa galaja yomwe lero imapereka sitata, mawa giyabokosi. Ku Biwi timatero chifukwa cha umphawi. Kuno si umphawi ayi, n'kusasamala, ndipo sindibweza mawu amenewa. Dziko lokhala ndi doko la Rotterdam, lalikulu kuposa onse ku Ulaya, dziko lomwe limadya za panyanja, silinayenere kudikira kuti Russia ilowe mu Ukraine mu 2022 kuti likumbukire zoti sitima yankhondo sigulidwa ngati galimoto. Kuipanga ndi zaka khumi, ndipo kupanga munthu woidziwa ndi zaka zoposa pamenepo.

Ena kwathu amati za sitima zankhondo zikutikhudza bwanji ife opanda nyanja yamchere. Mafuta ndi feteleza wathu amatsikira ku Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, ndipo panyanja pakavuta mtengo wake umatipeza ndithu. Nthawi imene akuba a panyanja anavuta ku Somalia, sitima ya Evertsen inkaperekeza sitima za chakudya za WFP mu 2008, ndipo mu April 2010 asilikali a pa Tromp anatsika ndi chingwe kuchokera mu helikopita n'kulanditsa sitima ya ku Germany ya Taipan. Ntchito imene mwana wanu akuifunayo ndi imeneyi, si yongoguba ayi.

Mukapita ku Den Helder, tauni ya padoko kumene kuli likulu la asilikali apamadzi, mukalowe mu Tonijn, sitima yakale ya pansi pa madzi imene ili kunyumba yosungirako zakale za asilikaliwa. Ine ndinalowamo. Mabedi ndi opanikizana moti kutembenuka n'kovuta, paliponse ndi mapaipi ndi mavalavu, ndipo ndinaima nthawi yaitali ndikuyang'ana misoko ya owotcherera akalewo. Ndi yoyera, yofanana, yopanda pobwereza. Amene anawotcherera ankadziwa kuti moyo wa anzake uli pamsoko umenewo.

Zomwe zilipo ndi zomwe zikubwera

Likulu lawo ndi Den Helder komweko, kumpoto. Zida zamphamvu ndi ma frigate anayi oteteza ku ndege ndi mizinga: De Zeven Provinciën, Tromp, De Ruyter ndi Evertsen, a pakati pa 2002 ndi 2005, okhala ndi rada ya kampani ya Thales ya ku Hengelo. Pali sitima zinayi zolondera za mtundu wa Holland, ndi ziwiri zonyamula asilikali mpaka kugombe, Rotterdam ndi Johan de Witt. Asilikali otsikawo ndi Korps Mariniers, gulu la mu 1665, nthawi ya Michiel de Ruyter, mkulu wotchuka wa asilikali apamadzi. Nthawi zonse sitima imodzi imakhala ku Caribbean, mbali ya Curaçao ndi Aruba, kugwira ozembetsa mankhwala ozunguza bongo ndi kuthandiza namondwe akawononga, monga Irma anachitira ku Sint Maarten mu 2017.

Chimene ndimawayamikira n'choti ndi Belgium amagwira ngati banja limodzi, likulu lawo ndi limodzi kuyambira 1996. Akugulira pamodzi sitima 12 zochotsa mabomba, aliyense 6, zomwe zimaima patali n'kutumiza madironi kukasaka bombalo. Ma frigate atsopano osaka sitima za pansi pa madzi akupangidwa ndi kampani ya Damen, ndipo sitima yoperekera mafuta ndi zida panyanja, dzina lake Den Helder, anaidalitsa ku Vlissingen mu 2025. Sitima zinayi za pansi pa madzi zatsopano, Orka, Zwaardvis, Barracuda ndi Tijgerhaai, anapatsa Naval Group ya ku France mu 2024. Apa pokha ndimadandaula, chifukwa ndikanakonda ntchito yoteroyo ikanakhala m'manja mwa anyamata a konkuno. Ziwiri zoyamba zikuyembekezeka patatha zaka pafupifupi khumi kuchokera mu 2024, ndiye zakale zija ziyenera kupirira mpaka nthawi imeneyo, ndipo ozipiriritsa ndi amakaniki.

Musamuletse, achemwali. Ngozi ilipo, sindikubisirani: mu 2020 helikopita ya NH90 inagwa pafupi ndi Aruba n'kupha asilikali awiri, ndipo mu 2024 Tromp inatumizidwa ku Nyanja Yofiira kumene a Houthi, gulu la ku Yemen, ankaombera sitima. Koma akapita, mumuuze asankhe za umisiri, injini, magetsi kapena rada, chifukwa ndi kumene akusowa anthu ndipo luso lake adzadyera ngakhale atavula yunifolomu. Afunika unzika wa Netherlands ndi kupambana mayeso a thupi ndi a maganizo. Ngati akukayika, kuli maphunziro okonzekera usilikali a VeVa ku MBO, sukulu zophunzitsa ntchito, kapena Dienjaar, chaka chimodzi chongoyesera. Ayambe kuthamanga ndi kusambira panopa.