Kodi zitsamba za ku China zingachize vitiligo?

Mayi wina wandilembera imelo kuchokera ku Johannesburg. Mwana wawo wa zaka 14 watuluka mawanga oyera kumaso ndi kuzala, ndipo dokotala wati ndi vitiligo. Pa shopu ina ya zitsamba awauza kuti agule mafuta a bu gu zhi. Akufunsa ngati kafukufuku akuvomereza mankhwalawa.

Mayi, chomeracho mphamvu chili nayo ndithu. Bu gu zhi ndi njere za Psoralea corylifolia, zomwe asing'anga a ku China ndi ku India azigwiritsa ntchito kuyambira kalekale. M'njeremo muli mankhwala otchedwa psoralen, amene amachititsa khungu kumva dzuwa kwambiri. Pa vitiligo chitetezo cha m'thupi chimawononga maselo opanga mtundu wa khungu, ndiye psoralen akakumana ndi kuwala amadzutsa maselo otsala m'mizu ya ubweya. N'chifukwa chake mtundu umayamba kubwerera ngati timadontho, ndipo nkhope imachira msanga kuposa nsonga za zala. Cha m'ma 1940 madokotala a ku Cairo adayesa psoralen wa chomera china, Ammi majus, ndipo chithandizo cha PUVA (psoralen pamodzi ndi kuwala kwa ultraviolet) chidachokera kumeneko.

Chondidetsa nkhawa ndi mlingo. Kuchipatala amayeza mankhwala, amayezanso mphindi za kuwala. Mafuta ogula pa shopu simungadziwe kuti muli psoralen wochuluka bwanji. Mwana akadzola n'kupita padzuwa la masana, khungu limapsa mpaka matuza, ndipo pamene papsapo patha kuyeranso. Zitsamba zakumwa ndiye musayerekeze: bu gu zhi ndi he shou wu, chitsamba china chimene amachisakaniza kawirikawiri, adawonongapo chiwindi cha anthu.

Akafukufuku ambiri a ku China amati zitsamba zikaphatikizidwa ndi kuwala kwa UVB (mtundu wa kuwala kwa ultraviolet kochokera m'nyali yapadera) zimathandiza kuposa kuwala kokha. Komatu odwala amakhala ochepa, zosakaniza zimasiyana, ndipo nthawi zambiri dokotala ndi wodwala amadziwiratu kuti ndani akumwa chiyani, zomwe zingakondere zotsatira. Mu 2015 bungwe la Cochrane, lomwe limasanthula umboni wa zachipatala, lidaunika kafukufuku 96 wa vitiligo n'kupeza kuti wambiri anali waung'ono. Umboni wotere sindingaikirepo khungu la mwana.

Bwererani kwa dokotala wa khungu, mukafunse za mafuta a tacrolimus a kumaso ndi nyali ya narrowband UVB. Aliponso ruxolitinib wodzola, amene adavomerezedwa ku America mu 2022 kwa azaka 12 kupita m'tsogolo, ngakhale ndi wodula. Ngati mwagula kale botololo, mupite nalo akalione. Aphunzitsi ake muwauzenso kuti vitiligo si khate ndipo sapatsirana, anzake asamamusale m'kalasi.