Kwa achemwali a ku Ngabu amene mwaona selo ya ku Johannesburg

Achemwali, uthenga wanu ndauona. Mwati mwaona pa Facebook kuti sitolo ina yaikulu ku Johannesburg yatsitsa mitengo ya madiresi, mashiti a pabedi, makatani ndi mapoto, zina mpaka theka, ndipo popeza mwangogawana kumene za banki m'khonde, mukufuna kudziwa kuti ife timayenda bwanji ndiponso ngati ndalama yanuyo ingabwere ndi ana. Ndiyankha poyera pano chifukwa ondifunsa zimenezi ndi ambiri, makamaka akandiona ndikutsika minibasi pa Bangula ndi zikwama zikuluzikulu zija.

Ndiyambe ndi manyazi anga. Ulendo wanga wachiwiri ndinafika kumeneko mu Ogasiti, nthawi imene masitolo amachotsa zovala za m'nyengo yozizira. Majekete, majuzi, mabulangete olemera aja, chilichonse chili ndi kapepala kofiira. Mutu unazungulira, ndinaiwala kumene ndimakhala. Ndinadzaza zikwama zitatu n'kufika nazo kuno Sepitembala ali pakhomo, ndipo mukudziwa nokha kuti kuyambira pamenepo mpaka mvula itagwa, munthu wa kuchigwa amagona panja pamkeka, ngakhale chitenje chimamulemera. Amayi ankabwera, kugwira bulangete, kuyamikira kufewa kwake, kenako n'kufunsa ngati ndabweretsako mashiti a pabedi. Katunduyo anakhala m'chipinda miyezi 9, ine ndikungomutulutsa padzuwa kuopa chiswe ndi makoswe. Ndinachita kukamugulitsa kumtunda, ku Bvumbwe ndi ku Thyolo, mu Juni wa chaka chinacho. Ndalama inabwera, koma inali yomwe ija ndinaikamo, itaonda. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Sitolo ikatsitsa mtengo imakhala ikuchotsa zimene zayikanika, kuti ipeze malo oika zatsopano. Imatsata nyengo ya kwawo. Kumeneko kumazizira kuyambira Juni mpaka Ogasiti, ndiye zotentha amazichotsa cha mu Julaye ndi Ogasiti. Zopepuka, zimene ife timafuna, amazichotsa Khirisimasi ikapita, mu Januwale ndi Febuluwale. Palinso Black Friday, tsiku la selo yaikulu, kumapeto kwa Novembala, imene imathandiza pa ziwiya za m'nyumba ndi katundu wogulitsa pa Khirisimasi, ngakhale kuti kuchuluka kwa anthu tsiku limenelo kumafuna munthu wa zigongono zolimba. Tsopano ikani pambali pake nyengo yathu. Januwale ndi Febuluwale kuno ndi miyezi yothina, chimanga chakwera, madzi ali m'misewu, palibe mayi angasiye thumba la ufa n'kugula katani. Ndalama imayamba kuoneka anthu akagulitsa thonje ndi chitowe, ndiponso ku Nchalo akayamba kudula nzimbe. Choncho katundu wabwino wa kuno mumamugula mu Febuluwale koma mudzamugulitsa bwino kuyambira Meyi. Funso langa kwa inu ndi ili: mpamba wanuwo ungagone miyezi itatu osaufuna? Ngati ndi ndalama yoti gulu likuyembekeza chiwongoladzanja mwezi ndi mwezi, kapena ya katapila, musayese n'komwe.

Nsapato za sukulu nazo zili ndi kamsampha kake. Kwawo sukulu zimatsegulira chaka mu Januwale, ndi pamene masitolo monga PEP ndi Ackermans amapikisana pa mitengo ya nsapato zakuda, masokosi ndi zikwama. Kwathu chaka cha sukulu chimayamba mu Sepitembala. Pang'ono zimayenda teremu yachiwiri ikamatsegulira, koma zambiri zimadikira.

Za ulendo sindichulukitsa. Mukwera mapiri a Thabwa kufika ku Blantyre, mukwere basi pa Wenela. Mutuluka pa Mwanza kulowa Zobue, muwoloka Zambezi pa Tete, mutuluka pa Cuchamano kulowa Nyamapanda, mudutsa Harare mpaka Beitbridge, ndipo kumeneko ndi kumene munthu amaphunzira kudekha, chifukwa mzere wake ungathe kukudyerani usiku wonse. Werengerani masiku awiri kupita, awiri kubwera, musanawerengere ogula. Pamafunika pasipoti. Ku South Africa Amalawife amatipatsa masiku osapitirira 30, ndipo muziyang'ana tsiku limene adinda musanachoke pawindo, chifukwa mukapitiriza amakuletsani kulowanso kwa chaka kapena kuposerapo.

Chimene chimapha geni ya ongoyamba ndi masamu. Tiyerekeze diresi ya R300 yatsitsidwa kufika R150. Inu mtima uli m'mwamba kuti mwapulumutsa R150. Koma diresi imeneyo ili ku Johannesburg, wogula ali ku Ngabu. Iyenera kulipirako gawo lake la tikiti yopita ndi yobwera, malo ogona, chakudya, takisi yochoka kusitolo, ndalama ya katundu m'basi, msonkho pa Mwanza, minibasi yotsika chigwa, mpaka wakabaza amene akufikitseni pakhomo. Ndalama zimenezi sizisintha kwenikweni kaya mwagula madiresi 20 kaya 200. Ndiye mukapita ndi kampamba kochepa, diresi iliyonse imasenza mtolo waukulu, n'kufika kuno ili yodula kuposa ya ku Limbe. Ine lamulo langa ndi loti ndalama ya ulendo isamayandikire n'komwe ndalama yoodera. Zikayandikana ndimakhala pansi, ndimatuma mnzanga amene akupita kapena matransipota, ndimulipire ya katundu basi.

Pamwamba pa izo pali nkhani ya randi. Kubanki ndalama zakunja zimavuta kupeza, mtengo wa panjira ndi wina, ndipo kusintha panjira n'kuphwanya lamulo, kuwonjezera poti kumeneko n'kumene anthu amapatsidwa mapepala abodza. Kwacha nayo siikhala malo amodzi. Inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, inagwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Kugwa kwachiwiriku kunandipeza nditangomaliza kugulitsa katundu pa mtengo wakale. Ndinkadziona ngati ndapindula, koma nditati ndisinthe kuti ndikaodenso, ndalama yonse pamodzi ndi phindu lake sinakwane kugula katundu yemwe uja. Kuyambira pamenepo mtengo ndimauika poganizira kuti ndikadzabwerera kukagula chinthu chomwecho chidzandidyera zingati.

Mukalowa m'sitolo, manja kumbuyo kaye. Pamzere wa zotsitsidwa mtengo pamatsala masaizi okanika: ang'onoang'ono kwambiri kapena aakulu kwambiri. Apakati, amene amayi athu ambiri amavala, amatha tsiku loyamba. Muziyang'ana zipi, mabatani ndi msoko, chifukwa ngakhale atakuuzani kuti mukhoza kubweza, mukabweza bwanji muli ku Ngabu? Muziwerenganso kansalu ka m'khosi. Ngati palembedwa polyester yekhayekha, isiyeni ngakhale ikongole bwanji; mu Okutobala munthu akaivala kuchoka nayo kutchalitchi amafika kunyumba ngati wagwa mu Shire, ndipo sabweranso kwa inu. Funani za thonje kapena zosakaniza. Zimandiseketsa nthawi zina kuti thonje timalima ndife, koma malaya ake timakawatenga kutsidya kwa maboda atatu.

Zimene zandisunga ine zaka zonsezi si madiresi. Madiresi amapikisana ndi kaunjika, ndipo kaunjika simungamugonjetse pa mtengo. Mayi akaona yanu yatsopano amapita pamulu n'kupeza zitatu ndi ndalama yomweyo. Chimene kaunjika alibe ndi zinthu zofanana, zomata m'pepala, zoti munthu akapereke paukwati kapena pachilangizo osachita manyazi: mashiti a pabedi ndi mapilokesi ake, matawulo, makatani, mapoto a seti, mafulasiki, zovala za makanda. Izi zimayenda kuyambira nthawi yokolola mpaka Disembala, nyengo ya maukwati. Pa mashiti muzisamala saizi. Kwawo thirikota ndi masentimita 107 m'lifupi, dabulo 137, queen 152. Akalipentala athu amakhoma bedi mmene afunira, ndiye shiti ya lasitiki m'makona ija imakana pamatiresi ambiri. Ine ndimatenga zoyala wamba. Nsalu ya makatani yoyeza pa mita mukaipeza ku Oriental Plaza ku Fordsburg, kumene mungathe kunenerera, zimene m'masitolo akuluakulu monga Edgars kapena Woolworths simungachite. Ndipo musanatengeke ndi kapepala kofiira, kazungulireni kaye m'masitolo a Matchaina monga Dragon City, chifukwa nthawi zina mtengo wa selo umakhalabe wokwera kuposa wa kumeneko, ngakhale kuti kulimba kwa katundu kumasiyana.

Zamagetsi ndinazisiya. Mapulagi akwawo ndi a mano obulungira, athu ndi a makona, ndiye ketulo kapena ayironi iliyonse imafuna kusintha pulagi. Komanso makasitomala anga ambiri amaphikira pa mbaula. Zagalasi nazo, mbale zosweka ndi matambula, zimafika pa Kamuzu Bridge zitachepa. Mukakakamizika, zikulungeni m'matawulo n'kuziika pakati pa chikwama.

Malisiti musataye ngakhale limodzi, ndipo timapepala ta mitengo musachotse pazovala. Pa Mwanza a MRA amafuna kudziwa kuti katundu mwamugula zingati kuti awerengere msonkho. Mukanena mtengo wa selo pakamwa pokha, wofufuza ali ndi chifukwa chokayikira, akhoza kuika mtengo umene iye akuona kuti ndi woyenera. Lisiti ndi kapepala kofiira kaja ndiye mboni zanu. Lembani katundu yense papepala musanafike, nenani zoona, lipirani, landirani lisiti la boma. Alipo amene adzakunong'onezeni kuti apatseni kangachepe katundu adutse osatsitsidwa. Tsiku limene zidzavute, iwo sadzaoneka, ndipo pamsewu pali malo ena ofufuzira kumene adzakufunseni pepala lomwelo. Lisiti lili ndi ntchito inanso: ku South Africa mitengo imakhala ndi VAT ya 15 peresenti, ndipo mlendo amene wagula zopitirira R250 angathe kupempha kuti amubwezere potuluka, bola akhale ndi tax invoice, lisiti losonyeza msonkhowo, ndipo aonetse katunduyo. Zimafuna nthawi, ndipo basi sidikira munthu mmodzi, choncho muuzeni kondakitala msanga.

Koma achemwali, bwanji mukuyang'ana kutali pamene boda ya Mozambique ili pakhomo? Ambiri a ife tinayambira pa Marka, kulowa Vila Nova da Fronteira, kutsika ku Mutarara, kuwoloka mlatho wautali wa Dona Ana kupita ku Sena, ena mpaka ku Beira. Kumeneko Chisena chathu chimagwira ntchito, simusowa wokumasulirani. Kapulana, chitenje cha kumeneko, amayi kuno amamukonda, ndipo nsalu siikana munthu ngati diresi. Wonenepa ndi woonda onse amamanga. Muziipikula yaitali n'kumadula nokha mamita awiriawiri. Kuti mudziwe ngati ndi yabwino, nyowetsani kansonga n'kufikisa: ikatulutsa mtundu kapena ikasanduka yopyapyala mankhwala oumitsa nsalu aja atachoka, ndi yongokongoletsa maso. Ndalama ya kumeneko ndi metikashi, masamu ake ndi omwe aja a randi. Dzerani pachipata. Za kuwolotsa katundu pabwato usiku ndazimva zambiri, ndipo m'madzi amenewo mulinso ng'ona ndi mvuu.

Kugula n'kosavuta, nkhondo ili pa kutolera. Kuno anthu amatenga pangongole, alipira mwezi ukatha. Aphunzitsi, anamwino ndi a ku Nchalo amalipira ndithu, koma muzifika tsiku lomwe alandira, mawa lake mupeza ya katundu wanu yapita kusitolo ya ufa. Ine ndimafuna theka pompopompo, ndipo achibale ndiwo ndimawaumira mtima koposa, chifukwa iwo ndi amene amati "si wathu yemwe" mpaka chaka. Ndinali ndi kope lodzaza maina pamene namondwe wa Freddy anafika mu Malichi 2023. Makasitomala anga ambiri anathawira m'makampu, nyumba zitapita pamodzi ndi makatani omwe anali asanamalize kulipira. Mukanakhala inu mukanapita kukamufunsa munthu ali pasukulu ndi ana, wavala chitenje chimodzi? Kope limenelo ndinalitseka. Kuyambira chaka chimenecho, mvula ikayandikira ndimachepetsa ngongole, ndipo katundu ndimamusunga pathandala, m'mapepala apulasitiki, kwa mchimwene wanga amene nyumba yake ili pamtunda.

Chimene chandithandiza posachedwapa ndi kugulitsa ndisanagule. Ndikakhala m'sitolo ndimajambula n'kuika pa WhatsApp, wofuna atumize theka pa Airtel Money kapena pa Mpamba kwa mwana wanga amene watsala kunyumba, ndipo ndimatenga chimene chili ndi mwini kale. Zongoganizira ndimaonjezera pang'ono chabe.

Ndiye pa ndalama yanuyo, ine ndikanati igaweni patatu. Gawo limodzi lisakhudzidwe. Lachiwiri mukwere nalo ku Limbe, muode zitenje ndi matawulo pang'ono, muone ngati mungathe kugulitsa ndi kutolera kwa anthu a ku Ngabu. Lachitatu ndipatseni mndandanda, osati ndalama kaye: mufunse amayi khumi a kutchalitchi kwanu kuti akufuna chiyani, saizi yanji, mtundu wanji, ndipo angapereke zingati. Ndikunyamuka Khirisimasi ikangopita. Tsiku la msika likudzali ndidzakhala pa Ngabu, mudzandipeze ndi pepalalo tidzawerengere limodzi, ndipo mubwere ndi muyeso wa mawindo ngati alipo ofuna makatani.