Chinangwa chija si chodya, amalume

Eee amalume, mwaswera bwanji kumeneko? Ndamvera uthenga wanu uja, mukufunsa kuti chinangwa chomwe ndapempha amayi kuti anditumizire n'cha chiyani, kodi njala yafika poti mwana wa ku yunivesite azidikira kondowole wa ku Nkhotakota. Ndaseka ndekha muno mpaka anzanga kundiyang'ana. Ayi, si chodya. N'cha pulojekiti yanga ya chaka chomaliza ya biochemistry, imene aliyense amachita mu labu moyang'aniridwa ndi mphunzitsi mmodzi.

Nkhani yake ili chonchi. M'chinangwa chowawa muli chinthu chotchedwa linamarin. Pachokha sichivuta kwenikweni. Koma m'chinangwa chomwecho mulinso enzyme, chinthu chimene chimaphwanya linamarin uja, dzina lake linamarase, ndipo ziwirizi zimakhala zosiyana malo. Mukasenda, kudula, kuviika mpaka chifewe, zimakumana, n'kutulutsa cyanide, poizoni weniweni uja. Wina amapita ndi madzi, wina amauluka poyanika. Ndiye agogo akamaviika chinangwa chawo masiku angapo, akuchita zomwezi zomwe ine ndikuvalira chikhoti choyera. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo amadziwira pochigwira ndi kuchinunkhiza, ine aphunzitsi akufuna ndibweretse nambala. Tsiku loyamba watsala poizoni wochuluka bwanji, lachiwiri, lachitatu, ndipo ndi tsiku liti pamene ufa umatsika kufika pa mamiligalamu 10 pa kilogalamu, malire amene a WHO, bungwe la zaumoyo padziko lonse, amati ndi osaopsa.

Si zocheza, amalume. Mu 1981 ku Nampula, ku Mozambique, kunagwa chilala, anthu n'kumadya chinangwa chowawa chosakonzedwa mokwanira chifukwa njala sinkalola kudikira. Anthu opitirira 1,000 anauma miyendo. Matenda ake amati konzo, ndipo miyendo ikauma sibwereranso.

Kayezedwe kake n'kofuna mtima wautali. Ndimaika kachidutswa ka mamiligalamu 100 m'kabotolo, n'kupachikamo kapepala kachikasu kopaka mankhwala otchedwa picrate, kutseka zolimba, kusiya usiku wonse, maola ngati 16. Kukacha kapepala kaja kasintha mtundu. Kakafiira kwambiri ndiye kuti poizoni ndi wambiri. Kenako ndimakanyika m'madzi n'kuyeza kufiira kwa madziwo pa makina otchedwa spectrophotometer. Sampulo iliyonse katatu. Osati kawiri, katatu.

Mayi amene akundiyang'anirawo ndiye eee, sanyengerera. Ndisanagwire ngakhale botolo limodzi anandibwezera pulopozo yanga kangapo, kenako ndisaine za chitetezo, magolovesi, osadyera mu labu. Poyamba ndinkati akundizunza. Ndiye mwezi watha ndinabwera ndi manambala okongola, ndikunyada, iwo anangoyang'ana n'kufunsa kuti botolo lopanda chinangwa, loyerekezera lija, lili kuti. Ndinaliiwala. Popanda limenelo simungadziwe ngati kapepala kafiira chifukwa cha chinangwa kapena zina. Masabata awiri anapita m'madzi, cholakwa changa ndithu. Sanakalipe ayi, anangoti lemba m'buku lako kuti walakwitsa pati, usang'ambe tsambalo. Kunena zoona zimenezo zinandiwawa kuposa kukalipidwa.

Pa funso lanu lina lija, ayi, sindidzakhala dokotala wobaya jakisoni, musayambe kulonjeza anthu kumudziko. Ife ntchito yathu ndi ya mu labu, kuyeza zakudya, magazi, mankhwala, zotero.

Tsono chonde mukawauze amayi bwinobwino, chifukwa foni yawo ikuvuta. Cha pamsika sindingagwiritse ntchito, sindidziwa mtundu wake kapena tsiku lomwe chinakumbidwa. Chikhale cha m'munda umodzi, chowawa chija, chokumbidwa tsiku limodzi, chosasenda. Manyokola pang'ono aike m'thumba lakelake, ndikufuna kufananitsa chowawacho ndi chozuna, asasakanize. Akakumba m'mawa chikwere basi tsiku lomwelo, chifukwa chikagona masiku awiri atatu chimayamba mizere yakuda ija ndipo manambala anga asokonekera. Komanso mundifunsire agogo dzina la mtundu umenewo, ndi kuti amaviika masiku angati nthawi yotentha ndi angati mu June kukazizira. Mayi ondiyang'anira aja akuti zimenezo ndizilembe mu lipoti. Ya basi ndikutumizirani pafoni Lachinayi, mukangopereka kwa kondakitala mundiimbire.