Mafunso Anu: M83 ikubisala kuti?

Funso: Zikomo akonzi. Ndinaona pa foni chithunzi cha mlalang'amba (gulu lalikulu kwambiri la nyenyezi) wotchedwa M83, wopindika ngati nkhata. Mu Okutobala ndinabwereka mabainokyula a 10x50 (okulitsa zinthu ka 10), ndinafufuza masiku atatu, osaona kanthu. Kodi zithunzi zija n'zabodza? Wowerenga wa ku Ulongue, Angónia.

Yankho: Si zabodza bambo, munangophonya nyengo. Mu Okutobala dzuwa limakhala mbali yomweyo ya thambo, choncho M83 imatuluka masana. Onjezani utsi wa lupsa, ndiye basi.

Dikirani Meyi kapena Juni, mvula itatha, mwezi uli mumdima. Cha m'ma 9 koloko usiku M83 imakhala pafupifupi pamutu penipeni, kupendekera pang'ono kum'mwera. Pezani nyenyezi yowala ya Spica, kenako ziwiri zowala zolozera ku Mtanda wa Kum'mwera, nyenyezi zinayi zooneka ngati mtanda. Tambasulani mkono, mukunge chibakera. Kuchokera pa Spica kulowera ku ziwirizo, yezani zibakera ziwiri. Ndi pomwepo.

Yalani mphasa mugone chagada, zigongono zitatsamira pachifuwa, chifukwa mukaimirira manja amanjenjemera ndipo khosi limatopa msanga. Foni ikhale m'thumba. Maso amafuna mphindi 20 kuti azolowere mdima, ndipo kungosuzumira uthenga umodzi mwayambiranso. A ku Moatize ndi mumzinda wa Tete atalikire magetsi kaye. Inu a ku Angónia mdima muli nawo wokwanira.

Koma musayembekezere nkhata ija. Mudzaona kachifunga kotuwa, kowalirako pakati, ngati phulusa lodonthera pansalu yakuda. Musakayang'ane mwachindunji, yang'anani pambali pake pang'ono, poti m'mphepete mwa diso ndi momwe mumagwira bwino kuwala kofooka. Mikono yopindika ya nkhatayo imayamba kuoneka pa telesikopu ya galasi la masentimita 20 kapena kuposa. Mitundu ya pachithunzi ndi ntchito ya kamera, yomwe imasonkhanitsa kuwala kwa nthawi yaitali, zomwe diso silingathe.

Kufooka kwake n'chifukwa cha mtunda. Kuwala kumathamanga makilomita 300,000 pa sekondi, komabe kochokera ku M83 kwayenda zaka pafupifupi 15 miliyoni kuti kufike kuno. Woyamba kuulemba, katswiri wa zakuthambo wa ku France Nicolas-Louis de Lacaille, anauona ali ku Cape of Good Hope ku South Africa mu 1752 ndi katelesikopu kochepa mphamvu kuposa mabainokyula mwabwerekawo. Abwerekeninso mu Meyi.