Jinzi yokwerera njinga yamoto: muitembenuze kaye musanalipire

Achimwene, mwafunsa nthawi yake, musanagwe. Mwati mwagula njinga yoyendera kuntchito kuchokera ku Area 25 kupita m'tauni, mwaona majinzi pa Facebook olembedwa kuti Kevlar, ulusi wolimba woteteza khungu munthu akagwa, koma otsika mtengo, ndiye mukufuna kudziwa ngati ali enieni, kapena mungogula jinzi yokhuthala ya pakaunjika n'kusunga ndalamayo. Ine ndinakwera njinga zaka zingapo ku Johannesburg ndikuperekera anthu zakudya m'makomo, pano ndikukwera konkuno ku Lilongwe. Ndikuuzani zimene ndikudziwa.

Jinzi wamba, ngakhale ikhuthale bwanji, ichotseni m'maganizo. Ine tsiku lina m'mawa, mvula itangokata, ndinkakhota pa raundabauti ndi liwiro losafika n'komwe 40. Teyala lakutsogolo linaponda mchenga umene madzi anakokolera pamsewu, njinga n'kundichoka. Sindinakhwekhwereke patali, mwina mamita anayi kapena asanu. Podzuka ndinapeza jinzi yanga yolimba ija itabooka pabondo lamanja bowo lokwana chikhatho, ulusi uli lendelende m'mbali, khungu litasupuka mpaka poyera, timiyala takuda titalowa m'nyama. Kugwako sikunawawe ngati kutsukako. Namwino anachita kukhula kuti timiyalato tichoke, chifukwa tikatsalira chilonda chimaola. Milungu itatu bondo losapinda, ndikati ndikhale pampando nkhanambo inkang'ambika, ndipo masiku onsewo m'nyumba simunalowe ngakhale tambala. Thonje silipirira phula. Likangokhudza msewu wa tala pa liwiro limatha m'kamphindi, kenako chimene chimakhuzika ndi inuyo.

Jinzi yokwerera njinga ili ndi ntchito ziwiri, ndipo ogulitsa ambiri amangokamba imodzi. Yoyamba ndi kupirira pamene mukukhwekhwereka kuti phula lisafike pakhungu. Imeneyo ndi ntchito ya nsalu ndi misoko. Yachiwiri ndi kuchepetsa mphamvu ya kumenyetseka pansi, ndipo imeneyo nsalu singaithe. Imagwiridwa ndi mapadi amene amalowetsedwa m'timatumba ta pamawondo ndi m'chiuno. Kevlar saletsa bondo kusweka. Mapadinso saletsa ntchafu kusupuka. Mukagula chimodzi chokha mwagula theka.

Pa nsalu, Kevlar ndi dzina la malonda limene kampani ya DuPont inapatsa ulusi umene katswiri wina wamkazi, Stephanie Kwolek, anatulukira mu 1965. Mtundu wa ulusiwo umatchedwa aramid, ndipo makampani ena amapanga wawo ndi mayina ena, choncho musadabwe mukaona lebulo yolembedwa aramid basi. Umaoneka wachikasu. Palinso Dyneema, ulusi wopepuka koma wolimba zedi, ndi Cordura, imene ndi nayiloni yolimbitsidwa. Majinzi amabwera mitundu iwiri: ena ndi jinzi wamba kunja koma anasokerera nsalu yachikasuyo mkati, ena ulusi wolimbawo anaulukira limodzi ndi thonje n'kukhala nsalu imodzi. A nsalu imodziwo ndi opepuka, satentha kwambiri, koma nthawi zambiri amadula. A nsalu ziwiri ndi amene thumba la ambiri a ife limafikira, ndipo akakhala osokedwa bwino amateteza ndithu.

Apa ndi pamene pali chinyengo chambiri. Jinzi yotchipa yolembedwa Kevlar muitembenuze kunja kukhale mkati. Ambiri mupeza kachigamba kachikasu kokwana chikhatho pabondo lililonse, kena pamatako, kopyapyala moti mukakaika padzuwa kuwala kumadutsa. M'mbali mwa ntchafu, kuchokera m'chiuno kutsika kubondo, mulibe kanthu, pamene munthu akagwa panjinga amagwera cham'mbali n'kukhwekhwerekera pomwepo. Yabwino nsalu yotetezayo imakuta matako onse, kuzungulira m'chiuno, kutsika m'mbali mwa ntchafu mpaka kupitirira bondo. Ndipo sikuti nsalu iliyonse yachikasu ndi aramid ayi, ena amangonika poliyesitala utoto. Wogulitsa akalola, sololani kaulusi kamodzi kotsalira pamsoko wamkati n'kukayatsa ndi machesi. Aramid sasungunuka, amangoda, ndipo mukachotsa moto amazima yekha. Poliyesitala amafwinya n'kusanduka kampira kolimba konunkha pulasitiki. Poliyesitala ameneyu ndi woipa kuposa thonje, chifukwa kukhuzika pamsewu kumatulutsa kutentha, ndiye amasungunukira pachilonda. Mayeso a machesiwa ndi a nsalu yachikasu yokha, popeza Dyneema yeniyeni nayo imasungunuka ikaotchedwa.

Njira yodalirika kuposa machesi ndi lebulo yosokerera mkati. Ku Ulaya kuli muyezo wa zovala za panjinga wotchedwa EN 17092, wa chaka cha 2020. Lebulo yake imakhala ndi kachithunzi ka munthu ali panjinga, ndi zilembo zosonyeza gulu: AAA, AA, A, B kapena C. Poyesa, makina amagwetsera zidutswa za nsalu pakonkire zikuzungulira mwaliwiro n'kuona ngati zabooka. Pamalo oyamba kugunda pansi monga mawondo ndi chiuno, AAA amaiyesa pa liwiro lofanana ndi makilomita 120 pa ola, AA pa 70, A pa 45. Manambalawa ndi a makina, musawatenge ngati lonjezo lakuti mukagwa pa 69 mudzuka opanda bala. Amangokuthandizani kusiyanitsa. Gulu B ndi nsalu yolimba yopanda mapadi, C ndi chovala chongogwira mapadi chimene nsalu yake sipirira phula. Kwa ulendo wanuwo, pamene mumadutsa mbali ina ya M1 pomwe magalimoto amathamanga, ine ndingasankhe AA. Ndalama zikavuta A ndi yabwino kutalitali poyerekeza ndi jinzi wamba, kungoti mu gulu A mapadi a m'chiuno sakakamizidwa, ndiye mufunse ngati timatumba take tilipo kuti mudzagule padera. AAA musavutike nayo pakali pano.

Opanga zachinyengo amasokoneza manambala, ndiye muwagwire pamenepo. AA imayenda ndi EN 17092-3, A imayenda ndi EN 17092-4, AAA ndi EN 17092-2. Mukaona AA pambali pa nambala ina, kapena lebulo ili yongomata papepala lapanja osati yosokerera, ikani pansi. Chinyengo china chofala n'chakuti amalemba CE, chizindikiro chakuti katundu wakwanitsa miyezo ya ku Ulaya, zikuluzikulu pachithunzi cha malonda, koma chimene chinayesedwa ndi mapadi okha, buluku lenilenilo silinapite kumayeso alionse. Uja wa pa Facebook mumuuze akutumizireni zithunzi zitatu: lebulo yamkati, buluku litatembenuzidwa, ndi padi itatulutsidwa m'kathumba. Akayamba kuzemba, yankho mwalipeza.

Padi nayo ili ndi zolemba zake, zodindidwa pathupi pake: EN 1621-1, chilembo K ngati ili ya bondo kapena H ngati ili ya chiuno, ndi nambala 1 kapena 2. Ya 2 ndi imene imabweza mphamvu yambiri, popeza pamayeso imalola makilonyutoni (muyezo wa mphamvu) osapitirira 20 kudutsa pamene ya 1 imalola mpaka 35. Chisiponji chofewa chopanda cholembedwa chilichonse, chimene mukachifinya zala zimakumana, si padi. Ubwino wake mapadi amagulitsidwa paokha, monga ofiira ngati lalanje aja a D3O amene amakhala ofewa koma amauma akamenyedwa. Mungathe kugula buluku la nsalu yabwino lero, mapadi abwino mwezi wamawa.

Tsopano chimene ndimachilimbikira kwambiri, chifukwa ndaona anzanga akuvulala atavala zodula: kukwana. Musayese jinzi mutaima ngati mukupita kuukwati. Pitani ndi njinga yanu, muvale, mukhalepo, mapazi aponde popondera. Padi ikute chikho cha bondo mwendo utapindika. Mutaima imaoneka ngati yatsika pang'ono, ndi momwemo. Kenako gwirani padiyo n'kuyesa kuipotolera kumbali. Ikazungulira mosavuta mpaka kuseri kwa mwendo, dziwani kuti pogwa idzathawanso choncho, bondo n'kugunda pansi lili lamaliseche. Buluku lotaya kwambiri siliteteza. Miyendo yake ifike mu akakolo muli chikhalire, ndipo kumsana lisatsike n'kusiya chiuno pamtunda. Muyang'anenso misoko ya m'mbali ndi ya pamatako: ikhale ya mizere iwiri kapena itatu, ndipo wina ukhale wobisika mkati kuti wapanja ukadyeka buluku lisatseguke. Nsalu yolimba pa msoko wofooka imangophulika ngati thumba la chimanga lodzadza mopitirira.

Za kaunjika musanyoze. Mumsika wa Tsoka ndi kwina mabelo nthawi zina amatulutsa zovala zenizeni za panjinga za makampani monga RST, Oxford, Bull-it, Rev'it kapena Alpinestars, ndipo ogulitsa ena amaziika pamtengo wa buluku wamba chifukwa makasitomala amazikana kuti n'zolemera. Auzeni anyamata awiri atatu kuti akapeza buluku la timatumba pamawondo ndi nsalu yachikasu mkati akuimbireni. Zakale zisanafike 2020 nthawi zambiri sizikhala ndi lebulo ya zilembo zija, ndiye mudalire maso ndi manja: nsalu yamkati isakhale yoperepeseka, yothothoka kapena yotuwa ngati inanyikidwa mu bulichi, pasakhale pokhuzika posonyeza kuti mwini wake anagwa nalo kale, ndipo mapadi akakhala ouma, osweka kapena onyenyeka muwataye mugule ena. Ngati muli ndi m'bale ku Joni, kumeneko masitolo a zanjinga ndi ambiri ndipo amatsitsa mitengo akamachotsa katundu wakale. Mumutumizire miyezo ya chiuno ndi kutalika kwa mwendo mu masentimita, chifukwa saizi 34 ya kampani ina si 34 ya inzake.

Wina m'gulu muno wanena kuti telala angathe kusokerera lona kapena chikopa mkati mwa jinzi wamba. Chikopa chokhuthala chimapirira phula ndithu, koma vuto ndi ulusi wosokera ndi jinzi yogwira chigambacho, zimene zimang'ambika chikopa n'kusuntha. Telala mumugwiritse ntchito pofupikitsa miyendo kapena kukweza kathumba ka padi kuti kafike pabondo lanu, ndipo mumuuze asadule nsalu yotetezayo.

Kutentha musakuiwale. Mu Okutobala, pamzere wa magalimoto dzuwa lili paliwombo, jinzi ya nsalu ziwiri imawotcha, ndipo ndikudziwa anthu amene anagula zolemera kwambiri n'kumazisiya pamsomali masiku otentha. Sankhani imene mungaivale tsiku lililonse, ngakhale popita pagolosale. Yokhala ndi kaneti kopyapyala pakati pa khungu ndi nsalu yachikasu imathandiza thukuta komanso siyabwa. Imakutetezaninso ku ekizozi, imene imasiya chipsera chozungulira pakatumba wa mwendo wamanja wa anthu ambiri okwera kabaza.

Pochapa tulutsani mapadi, tembenuzani buluku, madzi ozizira ndi sopo wamba. Bulichi asayandikire, amapha aramid. Dzuwanso limamufooketsa, ndiye poyanika bwezerani nsalu yachikasuyo mkati ndipo muyanike pamthunzi. Mukadzagwa nayo n'kukhuzika kwambiri, ntchito yake yatha, musaisokerere chigamba n'kumaidalirabe.

Ngati ndalama zilipo zochepa zedi ndipo zina simunagule, jinzi isakhale yoyamba. Chipewa chabwino chotseka chibwano chiyambe, kenako magolovesi chifukwa munthu akamagwa amatsogoza manja, kenako nsapato zokuta akakolo. Podikira ndalama ya jinzi gulani zotchinga mawondo zomanga ndi malamba zokhala ndi EN 1621-1, muzivala pamwamba pa buluku lanu. Sizikutetezani ntchafu ndi matako, koma bondo ndi msongolo zikhala ndi pobisala.

Zithunzi zitatu zija akakutumizirani, ziikeni pansi pano tiziwerengere limodzi manambalawo musanatumize ndalama.