Kodi Ndisiye Kuuza Ana Nkhani za Mizukwa ya Kunyanja?

FUNSO: Malume, ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Chiputula muno mu Mzuzu koma ndinakulira ku Ruarwe. Agogo anga ankatiuza kuti usiku wa mwera, anthu amene anamira m'nyanja amaitana mayina a amoyo, ndipo ukamva dzina lako usavomere. Nditawasimbira ana anga, mnzanga wa kumpingo akuti ndikuwadzala mantha ndi zaziwanda. Ndisiye?
Mayi wa ku Chiputula

YANKHO: Musasiye mayi, ndikukupemphani.

Chaka china m'mwezi wa Julaye ndinakhala masabata awiri ku Usisya, mwera utakwiya. Madzulo ena ndinakhala pamchenga ndi mkulu wina amene ankasoka ukonde wake wa chilimira, singano ili m'manja, ulusi atauluma. Anyamata awiri anayamba kukankhira bwato m'madzi, nyali zausipa atayatsa kale. Mkuluyo sanadzutse mutu. Anangoti, "Lero akuitana." Anyamata aja anazimitsa nyali n'kukokera bwato kumtunda. Usiku umenewo ndinagona m'nyumba yoyang'ana kunyanja, ndipo mphepo ikamalowa m'miyala inkalira ngati munthu ali kutali. Tsitsi linandiima, sindikubisirani.

Kaya ndi mizimu kaya ndi mphepo, anyamata aja anadzuka amoyo m'mawa mwake.

Mnzanuyo akumbukire kuti nyanja yathu kumpoto kuno ndi yakuya pafupifupi mamita 700, ndipo nthawi zina sibweza thupi. Pa 30 Julaye 1946 sitima ya Viphya inagubuduzika ndi namondwe kufupi ndi Chitimba, m'munsi mwa Livingstonia, anthu 145 n'kutsikira kulichete. Taganizani banja lopanda manda oti likasese, lopanda dothi loti likaponye. Lidzamukumbukira kuti m'bale wawoyo ngati si m'mafunde? Kwa ine, mawu oitana aja ndi maliro amene sanathe kuliridwa. Zimandipweteka munthu akamatcha zimenezi zaziwanda asanamve n'komwe kuti anamira ndi ndani.

Ku Ruarwe kwanuko, kumene anthu amadalira sitima ya Ilala, mabwato kapena kuyenda pansi m'mapiri, agogo anu analibe wailesi yowauza zanyengo. Anali ndi nthano, ndipo mwana amaigwira msanga kuposa chenjezo louma.

Pa mantha pokha mnzanuyo ali ndi mfundo. Wamng'ono kwambiri musamusimbire pogona magetsi atazima. Asimbireni masana, kapena mukudya nsima ya kondowole nonse pamodzi, ndipo muwauzenso zooneka ndi maso: kuti utsi umene umafuka pakati pa nyanja ndi nkhungu, tizilombo timene anthu amakola n'kudya, komanso kuti timoto ta usiku ndi nyali za asodzi a usipa.

Tchuthi chikubwerachi akwezeni minibasi ya ku Nkhata Bay, mukakwere nawo Ilala mpaka kwanu. Mukafika, afunseni akuluakulu mayina a abale anu amene anatsala m'madzi, ana aja akumva.