Kutentha kwa ku Lower Shire si kwa kale kuja ayi

Achimwene, mwafunsa kuti kodi ku Chikwawa ndi Nsanje kutentha kukuonjezekadi kapena anthu akungodandaula poti kumeneko kumatentha chikhalire. Ine ndinakulira ku Ngabu, amayi akadali konko, nde ndikuyankheni.

Nzoona kwathu kumatentha kuyambira kale, mu Okutobala ndi Novembala madigiri 40 si nkhani yoti munthu nkudabwa nayo. Koma zimenezi sayesera tsiku limodzi kapena chaka chimodzi, a zanyengo amatenga zaka makumimakumi nkuona avereji. Lipoti lina la UNDP, nthambi ya United Nations yoona zachitukuko, linapeza kuti kuchokera 1960 kufika 2006 Malawi anatentherako ndi madigiri pafupifupi 0.9, ndipo chomwe chinachuluka kwambiri ndi usiku wotentha. Apa mpamene ine ndimavomereza ndi mtima wonse. Tili ana tinkagona panja pamphasa, koma ikamakwana 3 koloko mbandakucha umadzuka kufunafuna chitenje choti ufunde. Panopa ndikapita kumudzi malata amakhala akutenthabe pakati pausiku, ana akungolira, madzi a mumtsuko omwe ali ofunda.

Digiri imodzi imamveka ngati yochepa eti? Kumalo kouma si yochepa. Mvula itha kugwa yofanana ndi kale koma dzuwa limaumitsa nthaka msanga, ng'amba ya masabata awiri yomwe chimanga chinkapirira pano imachipsereza, makamaka ikapeza chikumasula ngayaye, chifukwa kutentha kukapyola madigiri 35 mungu umafa ndiye mumakolola zitsononkho za njere apa ndi apo. Ziweto nazo zimavutika, ng'ombe kuyenda mtunda kusaka madzi.

Wina anena kuti ndi El Niño basi, kutentha kwa madzi a m'nyanja ya Pacific komwe kumachepetsa mvula kuno. Inde El Niño ndi wachilengedwe, anatimenya 2015/16, wabweranso 2023/24 mpaka a Chakwera kulengeza mu Malichi 2024 kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi, koma chilala cha masiku ano chikugwera pa nthaka yotentha kale, nchifukwa chake chikupweteka kwambiri. Ndipo 2024 ndi chaka chomwe dziko lonse lapansi linatentha kuposa zaka zonse chiyambireni kulemba. Gwero lake lalikulu ndi utsi wa malasha ndi mafuta, wambiri wa mayiko olemera, izi zimandiwawa chifukwa amayi anga alibe ngakhale njinga yamoto. Komanso ife tisadzibise, mitengo taimaliza ndi makala, mthunzi kulibe, mvula ikagwa kumapiri madzi amangotsetsereka kudzatikokolola.

Amayi anasiya kudalira chimanga cha kumunda. Amadzala mapira ndi mchewere, chimangacho amachipanga kudimba madzi akaphwa, ndipo kulima amapita kusanache, ikamati 9 koloko khasu aliika kale pansi.